Malo a Pambali pa Ila

"Osati pambali pa Ila," anatero mayi Arvilla osatembenuka n'komwe. "Manda aja ndi aakulu. Mukawapezere kwina."

Anali pasinki, akutsuka mbale yoyerayera kale. Tebulo linali litalemedwa ndi zakudya zomwe azimayi a mpingo anabweretsa: mbatatesi zophika ndi tchizi, nyama ya nkhumba, buledi wofunda, makeke oti akanakhutitsa tauni yonse ya Tolman ndi alendo omwe. Kwathu kuno, kum'mwera kwa Utah, ofedwa safa ndi njala, amadwala ndi kukhuta. Amuna awo a mayi Arvilla, bambo Rulon Mathie, anali atamwalira dzana ndi khansa ya m'mapapo. Maliro anali a mawa lake, koma dzenje linali lisanakumbidwe.

"Amayi," anatero Marva, mwana wawo woyamba, "malo aja ndi a anthu atatu. Ila pakati, inu mbali iyi, Abambo mbali inayo. Anthu adzati chiyani?"

"Anthu anena kale zambiri m'tauni muno. Anenenso."

Ila anali chitsirizira chawo. Anamwalira mu 1956 ali ndi zaka zitatu, ndi khansa ya m'magazi. Masiku amenewo bambo Rulon ankagwira ntchito kuchipululu cha Nevada, kumene ankayesera mabomba a atomu. Anali mmodzi wa oyeza: bomba likaphulika, iwo ndi amene ankayamba kulowa, atanyamula kachipangizo kolira, kuti aone pamene pali poizoni ndi pamene munthu angaponde. Mayi Arvilla sanakayikepo kuti imfa inalowa m'nyumba mwawo itabebedwa ndi amuna awo. Komabe chimene sanakhululuke chinali china. Patangotha sabata mwanayo ataikidwa, mayi Arvilla ali kutchalitchi, bambo Rulon anachotsa chofunda cha zigamba pakabedi ka Ila, chofunda chomwe mayiyo anasoka ndi manja awo, chikadali ndi fungo la mwanayo. Atafunsidwa anangoti, "Ndachiwotcha." Chifukwa chake sananene tsiku limenelo, ndipo sananenenso mpaka anatsikira kuli chete.

Deloy, mchimwene wake wamng'ono wa Marva, anali atafika m'mawa womwewo pa chithiraki chake chofiira chomwe chinatseka msewu wonse, dzina lake litalembedwa pachitseko ndi zilembo zagolide. Anachoka pakhomo ali mnyamata, ali ndi jekete limodzi lokha, ndipo tsopano mathiraki ake ankayenda kuchokera ku Alaska mpaka kumalire a Mexico. Mbiri imeneyi aliyense amene anakhalapo naye pampando umodzi anaimva, mwina kawiri. Chimene sankanena n'chakuti miyezi yonse imene bambo ake ankasungunuka ngati kandulo m'chipinda chakumapeto, iye ankati akaimba foni, ankapempha kuyankhula ndi amayi ake.

"Achemwali, asiyeni Amayi," anatero uku akudula keke. "Ine ndaona maliro ambiri. Ku Alaska amayatsa matayala pansi kuti nthaka ifewe asanakumbe. Ku Sonora amadyera pamanda penipeni, ndi magitala omwe. Konsekonse wakufa sadandaula za malo. Amadandaula ndi amoyo, ndipo wamoyo pano ndi Amayi."

"Iwe ndiye waona dziko lonse kupatula chipinda cha bambo ako," anatero Marva.

"Paja ndinati tipeze nesi."

"Nesiyo ndinali ine."

"Musakanganire pamwamba pa chakudya cha anthu," anatero mayi Arvilla akupukuta manja. "Deloy, pita kumanda. A Lafe akudikira ndi thirakitala chiyambire m'mawa. Ukawauze akumbe cha kumpanda, paliponse pamene angaone."

Manda a ku Tolman ali pachitunda, ndipo kuli mizinda ikuluikulu ya nyumba zosanja imene ilibe manda okongola chonchi: udzu wothiriridwa, mitengo italiitali mbali imodzi, mapiri ofiira akuoneka patali ngati makala. Bambo Lafe Iverson anali atakhala pa thirakitala yokumbira, chipewa chitaphimba maso. Anagwira ntchito ndi malemu galimoto imodzi kuchipululu kuja zaka zambiri, ndipo atapuma anayamba kukumbira tauni manda. Pakhosi pawo panali chipsera cha opaleshoni, mawu awo ankatuluka ngati chitseko chadzimbiri.

"Oho, mfumu ya misewu yatiyendera," anatero akukweza chipewa. "Dzina lija unalemba pachitseko kuopa kuti ungaliiwale?"

"Kuopa kuti mungaliiwale inu, Malume."

"Ine ndikuiwale iwe? Unandikodzera pamiyendo tsiku lomwe unadalitsidwa m'tchalitchi. Ndikumbe pati?"

"Amayi akuti kumpanda."

Bambo Lafe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kamwala ka Ila, kakang'ono, koyera, kali ndi kamwana ka nkhosa kosemedwa pamwamba. Deloy sankatha kupirira bata. Chibadwire, pakakhala chete ankathirapo mawu.

"Musandiyang'ane choncho, Malume. Ndikudziwa kuti anali mnzanu. Koma munthu wotenga chofunda cha mwana wake n'kukachiwotcha, mayi wa mwanayo misozi isanaume, ndi munthu wamtundu wanji? Anabweretsa matenda pakhomo, kenako n'kuwotcha ndi chikumbutso chomwe. Anafesa okha zimenezi. Akagone kumpanda."

Nkhalamba ija inatsika pa thirakitala, mwendo umodzi kenako unzake, n'kuima pafupi kwambiri moti Deloy anamva kupuma kwake kolira.

"Tabwereza."

"Ndangonena zimene aliyense akudziwa."

"Ndinalumbira kwa bambo ako kuti ndidzapita nazo kumanda, ndipo kumandako ndafika, ndimagwirako ntchito. Koma sindinalumbire kuti ndidzaima phee mwana wawo akuwalavulira ali m'bokosi. Khala pansi."

"Udzuwu ndi wonyowa."

"Buluku lakolo likaonongeka ugula lina. Khala."

Deloy anakhala.

"Ntchito yathu inali ndi lamulo limodzi," anayamba bambo Lafe. "Za kuchipululu zimatsala kuchipululu. Tinkalowa titavala maovololo oyera, m'mikono ndi m'miyendo titamata tepi kuti fumbi lisalowe. Potuluka panali mzere pansi. Mbali iyi n'koipa, mbali iyo n'koyera. Umavula zonse kumbali yoipa, n'kuika m'thumba, n'kusamba, kenako mnzako amakuyendetsa nkhululu thupi lonse mpaka kumapazi."

"Nkhululu?"

"Kachipangizo kaja. Tinkakatchula choncho chifukwa cha kulira kwake. Pamalo abwino kamangoti tiki, n'kupuma, tiki. Pamalo oipa kamathamanga. Bambo ako pa lamulo limeneli anali wovuta kuposa bishopu. Anabwezapo msilikali wa nyenyezi paphewa kuti akasambenso, anyamata ake akuonerera. Koma tsiku lina, chaka chimene Ila anabadwa, galimoto yotenga matumba inafa. Linali Lachisanu. Kapitawo anati tiponye thumba lathu kumbuyo kwa galimoto ya bambo ako, tikalisiye kochapira potuluka. Tinapeza kochapirako atatseka. Kubwerera kunali kutali, amayi ako mimba ili pakamwa. Rulon anati, 'Lolemba si patali.' Anabwera nalo thumbalo kunyumba."

Anakhosomola nthawi yaitali, n'kulavula kumbali.

"Analiika m'shedi mwanu muja, n'kulimanga kukamwa. Za ntchito yathu sitinkaloledwa kuuza ngakhale akazi athu. Ndiye amayi ako atafunsa, iye anati, 'Osakhudza, n'zotaya.' Wamva? Kuuza mkazi wa ku Tolman kuti nsalu ndi yotaya! Azimayi oti chingwe cha pa phukusi amachisunga, thumba la ufa amasoka diresi. Lolemba anakalibweza thumbalo lili chimangire. Sanalitsegule."

"Koma chofunda chija chinali cha maluwa," anatero Deloy. "Ndikuchikumbukira."

"Kunja. Maovololowo amayi ako anawaika m'kati, kuti mwana azimva kutentha. Bambo ako ankamufunditsa nacho ndi manja awo, osadziwa kanthu."

Deloy anayang'ana kamwala kaja, kenako n'kuyang'ana kumbali.

"Mwana ataikidwa, Rulon sankagona. Anabwereka nkhululu kuntchito, akuti ndikayeze nyumba yanga ndidziwe kuti ndi yoyera. Anandiitana Lamulungu, inu nonse muli kutchalitchi. Kukhitchini, tiki, tiki. Nsapato zake, tiki. Mugalimoto, tiki. Nkhope yake inayamba kumasuka. Tinalowa kuchipinda kwa ana. Atangofikitsa pakabedi paja, inayamba kuthamanga. Anang'amba kangodya ndi mpeni, n'kuona nsalu yoyera ili ndi chidindo cha kuntchito kwathu. Anakhala pansi pomwepo, monga wakhalira iwemu. Sanachiwotche. Zotero siziwotchedwa. Tinachikulunga monga tinkachitira kuntchito, ndipo m'mawa mwake tinakachikwirira kudzenje lotayiramo zapoizoni kuchipululu."

"Ndiye kuti chinapha Ila ndi chofunda?"

"Sindikudziwa. Palibe akudziwa. Mitambo ya mabomba ija inkadutsa pamwamba pa tonsefe. Tawerenga timiyala ting'onoting'ono m'manda muno, si tonse tinali ndi zofunda zotero. Mwina ndi mkaka, mwina ndi mpweya, mwina ndi Mulungu. Koma ukuganiza kuti amayi ako angamve mawu oti mwina? Rulon anati, 'Thumba ndinabwera nalo ndine. Arvilla akamva, ndiika maliro awiri. Bola adane nane. Munthu amatha kukhala ndi moyo ali ndi chidani.'"

Deloy anakumbukira zinthu zimene sanaziitane. Anakumbukira ali mnyamata akuuza anzake pasukulu kuti bambo ake amawala mumdima, onse n'kufa ndi phwete, bambo akewo ali pageti akumudikira, akumva, akumwetulira pang'ono. Anakumbukira tsiku lomwe ankachoka pakhomo: bambo ake anatambasula dzanja, iye n'kunamizira kuti manja onse anyamula katundu.

Anadzambatuka.

"Musakumbe! Mwamva, Malume? Musakhudze nthaka mpaka ndibwere!"

"Iwe Deloy! Ndakuuza kuti utseke pakamwa pako, osati ukatsegule pa amayi ako!"

Koma mawu a bambo Lafe sankapita patali, ndipo galimoto inali italira kale.

Anam'peza Marva kuseri kwa nyumba akuanula zovala zoyera zomwe malemu amayenera kuvekedwa. Deloy, munthu woti nkhani ya tayala lophulika amaikamba mpaka chakudya kuzizira, iyi anaimaliza m'mawu ochepa. Marva anamvetsera atakumbatira malaya oyerawo. Kenako anatembenuza ndowa n'kukhalira.

"Mwezi watha ndinawafunsa," anatero. "Ndinali nditawasambitsa, ndikuwapesa. Ndinati, 'Abambo, chofunda chija munawotcheranji?' Ndinkafuna kuti apepese asanapite. Anandiyang'ana n'kuti, 'Kanditengere madzi, mwanawe.' Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinapita kukhitchini n'kukhala pansi. Ndinawachedwetsera madziwo dala."

"Ndiye tiyeni tikawauze Amayi. Mawa Abambo agone pamalo pawo."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Agone kumpanda ngati chigawenga, pa mlandu woti sanapalamule okha?"

"Tsitsa mawu, zenera ndi lotsegula. Kodi ukufuna kuyeretsa Abambo, kapena ukufuna kudziyeretsa iweyo?"

"Achemwali, musandiyankhule choncho."

"Ndikuyankhula choncho. M'mawa uja unali loya wa Amayi, keke ili pakamwa. Pano wasanduka loya wa Abambo. Mawa madzulo ukwera chithiraki chako, uliza hutala, ana akuthamangira. Amene atsale pano ndi mayi wodziwa kuti anasokera mwana wake imfa ndi singano yake ndine. Ndizidzawabisira mankhwala ndi mipeni ndine."

"A Lafe akuti palibe akudziwa ngati chinali chofundacho."

"Kawauze Amayi zimenezo, uone ngati amve."

Deloy anayenda mpaka pashedi, n'kubwerera.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikuthawa munthu wosalakwa," anatero. "Sindingamusiyenso kumpanda. Sindingathe."

Analowa m'nyumba. Marva anam'tsatira, zovala zoyera zikadali m'manja.

Mayi Arvilla anali kuchipinda chosokera. Anali atatulutsa malaya onse a amuna awo n'kuwaunjika pampando, ndipo anali atayamba kale kuwadula. Mabatani ankawaika m'kambale, makolala pambali, nsalu ya kumsana n'kumaidula timabwalo tofanana. Mwana wamkazi wa Marva anali woyembekezera, ndipo kubanja kwa a Mathie mwana sabadwa chofunda chisanathe.

"Manja akakhala, mutu umayamba kulongolola," anatero osadzutsa maso. "Tagwira uku, ukoke. Osati choncho, ukung'amba. A Lafe ayamba?"

"Sanayambe." Deloy anagwira malaya a mizeremizere omwe bambo ake ankavala popita kumsonkhano wa mpingo. "Amayi, ndimafuna tikambe za chofunda cha Ila."

Ankayembekezera kuti nkhope yawo iuma. M'malo mwake inawala, monga imawalira nkhope ya munthu amene wafunsidwa za ubwana wake.

"Unali wamng'ono iwe, sungachikumbuke bwino. Ndasoka zofunda zambiri, zina zinapambana pachionetsero ku Cedar, koma ngati chija sindinasokenso. Chaka chimenecho tinalibe chilichonse. Thonje loika m'kati sindikanaligula, ndipo ndinkadziwa kuti chisanu chikubwera, mwana adzachipeza ali wakhanda. Ndiye bambo ako anabwera ndi thumba la nsalu zoyera, zochindikala, zolimba ngati chikopa, akuti n'zotaya. Zotaya!" Anaseka pang'ono. "Amuna. Ndinatengamo ziwiri iwo ali kumunda, n'kumanganso thumba monga analimangira. Ndinangozikutumula fumbi pakhonde. Mpaka dzana sanadziwe kuti ndinawabera."

Sizasi inapitiriza kudula. Pakhomo, Marva anaika chikhatho pakamwa.

"Mwana uja sanamvepo chisanu ngakhale tsiku limodzi," anapitiriza mayi Arvilla. "Ankachikoka paliponse, pakhonde, pansi pa tebulo, ankayamwa kangodya kake. Ndi kuchipatala komwe anapita nacho. Madokotala anakanika, mapemphero anakanika, ine ndinakanika. Koma ndikamagona ndimadziuza kuti, Arvilla, zonse zinakukanika, koma mwana wako anafunda. Ndi chimenecho chandiimika zaka zonsezi. Umati chiyani za chofundacho?"

Deloy anayang'ana manja a amayi ake. Anali ang'onoang'ono, a timadontho ta ukalamba, chala chapakati chili ndi zipsera za singano.

"Ndimati muwalole Abambo agone pambali pake. Ndikupempha ine."

"Iwe? M'mawa uja unali mbali yanga."

"Ndasintha maganizo."

Mayi Arvilla anaika sizasi pansi.

"Usaganize kuti ndine mwala, Deloy. Ndinawaphikira, ndinawachapira, sindinawachititsepo manyazi pa anthu. Anali munthu wabwino. Panalibe mpanda wogwa m'tauni muno umene sanakathandize kuimika. Za matenda aja, mwina ndikanatha kunena kuti sankadziwa, onse ankauzidwa kuti palibe choopsa. Koma chofunda anachita akudziwa. Akanangondiuza chifukwa. Mawu amodzi okha. Dzana ndinakhala pambali pa bedi lawo, ndikudikira. Anandiyang'ana, n'kutsegula pakamwa, mtima wanga n'kuti myuu, lero anena. Ukudziwa anati chiyani? 'Arvilla, wadya?'"

Anapukuta m'maso ndi kansalu komwe anali atangodula.

"Ndiye ngati iwe ukuchidziwa chifukwacho, nena. Ndipatse chifukwa chimodzi chomveka, ndipo ndikauza a Lafe ndekha kuti akumbe pambali pa Ila. Ukuchidziwa?"

Kukhitchini wina anagogoda, mayi wina wa mpingo ndi mbale ina, n'kudzilowetsa yekha. Kunamveka kusuntha kwa mapoto patebulo pofuna malo. Deloy ankamva maso a Marva pamsana pake. Munthu uyu anatsutsanapo ndi apolisi a m'malire m'zinenero ziwiri, anagulitsapo thiraki lakufa kwa makaniko, sanasowepo chonena pamaso pa munthu aliyense wobadwa mwa mkazi. Mawu onse anali okonzeka pa lilime, ndipo akanatenga mpweya umodzi wokha.

"Sindikuchidziwa, Amayi," anatero.

"Ndinadziwa." Anatolanso sizasi. "Palibe akuchidziwa. Koka bwino, tikumalize kumsanaku."

Deloy anakoka. Anagwira malayawo mpaka anatha, kenako ena, kenako enanso. Potuluka, Marva anam'patukira pakhomo, n'kumugwira pamkono kamodzi.

Atabwerera kumanda anapeza bambo Lafe ataima pageti, chipewa chili m'manja, akuchizunguza.

"Wanena?"

"Kumbani kumpanda, Malume."

Nkhalamba ija inatulutsa mpweya wautali, wolira, n'kuvala chipewa.

"Ndakhala pano ndikupepesa kwa bambo ako. Pakamwa panga pandipereka nditakalamba. Tiye."

"Paliponse, akutero Amayi."

"Si paliponse. Tiye uone."

Anadutsa mizere ya manda mpaka kungodya ya kum'mawa, kumene udzu wothiriridwa umathera, kopanda mtengo, kopanda mthunzi. Pafupi ndi waya panali chikhomo chathabwa chokhomeredwa pansi, chitayamba kale kutuwa ndi dzuwa.

"Anakhoma yekha," anatero bambo Lafe. "Chisanu chitangotha anandipempha kuti ndibwere naye, botolo la mpweya ndikumunyamulira ine. Anati, 'Arvilla adzanena kuti kumpanda. Usadzatsutsane naye.' Ndinati chabwino, ndiye tisankhe kuja kuli mitengo, ukapumeko bwino. Anakana. Anakaima pa kamwala ka Ila, n'kuwerama, n'kutapa dothi, n'kulisiya kuti ligwe. Ndi mmene tinkachitira tisanalowe malo oipa, woyeza amayamba waona kumene mphepo ikupita. Analitsatira fumbilo pang'onopang'ono, kupuma, kuyenda, kupuma, mpaka pano. Hamala inkamulemera, koma anakana kuti ndimukhomere."

"Chifukwa chiyani pano?"

"Anati mphepo ya kuno imachokera kumadzulo pafupifupi chaka chonse. Anati, 'Fumbi langa lisamapite kwa iye. Lake ndilo lizibwera kwa ine.'"

Bambo Lafe anapita kukaliza thirakitala. Deloy anatsala ataima pa chikhomo paja. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pawaya, nabwerera pakati pa manda mpaka pa kamwala koyera. Anagwada, n'kutapa dothi louma m'mphepete mwake, n'kutambasula zala. Fumbilo linanyamuka, lopepuka, n'kuyamba ulendo wa kum'mawa, chakumpanda.